Buku la a Edita Lovala Khaki

A Edita Miti ndimawadziwa kuyambira tili atsikana ku Chiparamba, ndipo ndikuuzeni msanga kuti si munthu wophweka. Akaika mtima pa chinthu, ngakhale mutawamangirira ku ngolo sasuntha. Sukulu analekera giledi seveni chifukwa bambo awo ankafuna manja m'munda wa thonje, koma kuwerenga sanaleke. Ankawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa thumba la feteleza. Amuna awo atamwalira, alamu awo anawalanda munda ndi njinga, n'kuwasiyira ana ndi khasu lobuntha. Ndi mmene anasamukira ku Chipata kukayamba malonda. Ine Tiyanjane ndinawatsatira pambuyo pake, ndipo mpaka lero timagula nshawa m'midzi n'kukagulitsa ku Mwami, pa boda.

Ntchito ya pa boda ndi kudikira. Mumadikira a kasitomu, mumadikira ogula, mumadikira minibasi kuti idzaze. Pa kudikirako a Edita ankatulutsa buku m'chikwama n'kumatiwerengera mokweza. Analigula kalekale pa tebulo la kunja kwa tchalitchi. Mutu wake unali Khasu la Magalita, nkhani ya mayi wamasiye amene analandidwa munda, ndiye mukhoza kuona chimene analikondera. Atangofika nalo kunyumba anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa kusukulu, zoti buku laulemu siliyenda maliseche. Anadula pepala la khaki, kulikuta bwinobwino, kumata m'makona ndi phala, n'kulemba pamwamba dzina lawo poopa akuba.

Bukulo linatchuka, abale. Amayi a zitenje ankasiya katundu kudzamvera, madalaivala a mathiraki ankazimitsa injini. Linabwerekedwa mpaka ku Katete, linawoloka kupita ku Mchinji, n'kubwerako likununkha usipa. Munthu akafunsa kuti lake angalipeze kuti, a Edita ndi mtima wawo wabwino ankati abwereke lawolo, asavutike. Aliyense ankangoti buku la a Edita.

Tsiku lina m'mawa tili pa siteshoni tinagula zitumbuwa kwa Christine, mayi amene amakazinga pafupi ndi pokwerera minibasi. Ine ndinayamba kudya. A Edita anangoti njo, maso pa pepala lokulungira zitumbuwa zawo. Linali lonyowa ndi mafuta, koma mawu ankawerengeka, ndipo anali a pamene Magalita akuimirira pamaso pa mlamu wake. Anapisa m'chikwama, poganiza kuti wina wawang'ambira buku lawo. Linali lathunthu. Anayang'ana pa tebulo la Christine n'kuona mulu wonse wa mapepala otero, odulidwa molingana bwino.

Christine sanaone chachilendo. Anati amampatsa ulere ndi mkulu wina wa ku komboni ya Nabvutika, m'Chipata momwemo, mphunzitsi wopuma ntchito, a Enoch Shawa, amene anali ndi makatoni a mabukuwo odzaza chipinda. Anayamikira kuti pepala lake ndi labwino, silibooka ndi mafuta. Anatinso latsala katoni limodzi, akalitenga mawa m'mawa, chifukwa mwana wa mkuluyo akubwera kudzawatengera ku Lusaka ndipo iwo akuti manyazi awo sakwera nawo basi.

A Edita sanadye. Matumba a nshawa tinasungitsa kwa mnzathu, ulendo wa ku Nabvutika wapansi, ine ndikudandaula njira yonse kuti malonda a tsikulo afa.

Tinawapeza a Shawa pakhonde, atavala tayi ngati akupita kukalasi. Pambali pawo panali katoni lotsegula. Ankatenga buku, kuchotsa chikuto, kuika rula pakati pa masamba, n'kung'amba mosamala. Munthu sungangofikira pa nkhani kwa mkulu wotero. Tinagwada, tinapereka moni, anatifunsa za kumene tachoka, za ana, za mvula ya chaka chino, ndipo nthawi yonseyo dzanja lawo silinaleke ntchito. Tsamba lililonse likang'ambika ndinkaona a Edita akutsinzina ngati ndi iwo akudulidwa.

Potsiriza a Edita anawapempha kuti aleke kaye, chifukwa bukulo ndi lokondedwa kwambiri. A Shawa anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Anatifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa ana osamva, kuti analilemba zaka zambiri, nalisindikiza ndi penshoni yawo. M'masitolo linakhala mpaka kuchita fumbi, n'kuwabwezera. Anzawo a kutchalitchi ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti adzawerenga. Pa zaka zonsezo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anawaimitsa panjira kuti awauze kuti ndi labwino, kapena kuti ndi loipa. Anati kutukwanidwa kukanakhala bwino kuposa chete ameneyo.

A Edita anatulutsa lawo n'kulipereka. Masamba ake anali akuda bii ndi manja a anthu, m'mphepete mofutukuka ngati kabichi. Ananena za amayi a pa boda, za madalaivala, za ku Katete ndi ku Mchinji. Mkuluyo analitembenuza, nawerenga dzina la pa khaki.

"Apa palembedwa Edita Miti," anatero. "Nanga anthu onsewo amati analemba ndani?"

Ine ndi pakamwa panga posagona ndinayankha kuti amangoti buku la a Edita.

A Shawa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nalibweza, natenga lina m'katoni n'kuikapo rula. Apo a Edita analowetsa chala pansi pa khaki uja n'kumung'amba yense. Chikuto chinatuluka chatsopano, chowala ngati changochoka kosindikiza, dzina la Enoch Shawa lili mbee, lopanda ngakhale chidindo cha chala. Tonse atatu tinangoliyang'ana. Anthu onse aja anagwira bukuli, koma dzina ili silinaonepo dzuwa.

"Mwalisamala bwino, mayi," anatero mkuluyo. "Mwandikwirira bwino kwambiri."

Mawu amenewo anandilasa ngakhale ine amene sanali kundinena. A Edita anapempha kuti katonilo lisapite ku zitumbuwa, koma a Shawa anati analonjeza kale Christine, ndipo iwo sabweza mawu chifukwa cha chisoni cha munthu mmodzi. Anangovomera kuleka kung'amba kufikira mwini katoniyo atabwera.

Panjira ndinawauza a Edita kuti azisiye, mkuluyo wataya mtima ndipo ife si abale ake. Anandiyang'ana diso loti ndikanakhala nkhuku ndikanagwa. Anakwera minibasi ya ku Mwami masana omwewo, nayenda tebulo ndi tebulo, thiraki ndi thiraki, akuonetsa chikuto chija. Sanapemphe munthu kuti akamvere mkuluyo chisoni. Ankangoti amene analemba Magalita ali moyo, ali ku Nabvutika, ndipo mawa Magalita akukakulunga zitumbuwa. Anthu ankati tamva, tibwera. Koma mawa lake linali tsiku la malonda ambiri, ndipo "tibwera" wa munthu wamalonda ine ndimamudziwa.

M'mawa tinafika pa geti la a Shawa tili awiri okha. Msewu unali mbee. Woyamba kutulukira anali Christine, akukankha wilibala. Anapereka moni, nalunjika pa katoni, ndipo a Shawa anamuuza kuti anyamule. A Edita, mayi wa ulemu wake, amene sanakhalepo pa mpando pamaso pa mkulu asanauzidwe, anapita n'kukhala pa katonipo. Christine anati iye ali ndi mafuta pamoto, alibe nthawi ya masewera. A Shawa nkhope inasintha, nati pakhomo pawo sipochitira zionetsero, ndipo anapempha a Edita kuti anyamuke asanaitane anthu. A Edita anagwira m'mbali mwa katoni ndi manja onse awiri, maso ali kumsewu.

Kenaka tinamva phokoso la a Zelipa. Amenewa ndi mayi wa zitenje wa pa boda, mawu awo amamveka tsidya lina la Malawi. Analowa pa geti ndi amayi ena pambuyo, ndi dalaivala mmodzi atavula kapusi. Moni wawo unali wachidule zedi. Anafunsa ngati awa ndiwo analemba, ndipo atauzidwa kuti ndi omwewo anaika manja m'chiuno.

"Bambo, ine ndili nanu mlandu. Magalita anamukhululukira bwanji mlamu wake uja? Munthu wakuba munda! Ine sindinadye tsiku limene tinafika pamenepo."

Mumtima ndinati basi, zatha, atithamangitsa tonse. A Shawa anaimirira, rula ili m'manja. Anati Magalita sanakhululuke chifukwa chofooka, ndipo ngati mayiwa anamvetsera bwino akumbukire zimene ananena pa chitsime. A Zelipa anati akuzikumbukira bwino lomwe, nazinena zonse pamtima, mawu ndi mawu, n'kuwonjeza kuti ngakhale zili choncho iwo sakuvomereza. Dalaivala uja analowerera kumbali ya mkuluyo. Mayi wina anati mlamuyo anafunika kumangidwa. Anakangana pakhondepo ngati nkhani ya munda weniweni, a Shawa akuloza ndi rula, mawu akukwera, tayi itapotoka. Pakati pa mkanganowo a Shawa anangokhala pansi, navula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

A Edita ananyamuka pa katoni paja okha, ndipo a Shawa sanauzenso Christine kuti anyamule. Aliyense anagula lake, ena awiri awiri otumizira abale, otsalawo dalaivala anati akawaika poonekera m'thiraki mwake. A Zelipa atalandira lawo anapisa m'chikwama n'kutulutsa pepala la khaki lopindidwa bwino, poti anabwera atakonzeka. A Edita anawalanda ngati akulanda mwana mpeni. Anasonkhanitsa khaki yense amene amayiwo anabwera naye n'kumuika mu wilibala ya Christine, amene anachoka akung'ung'udza kuti khaki amamwa mafuta.

Ku Lusaka a Shawa anapitabe, chifukwa miyendo yawo inali itatopa ndipo mwana wawo sakanawasiya okha. Potsazikana anapatsa a Edita buku latsopano, napempha lakuda lija. A Edita anachita manyazi, nati ndi lonyansa, likununkha usipa ndi palafini. Mkuluyo analiika m'thumba la jekete, nati mwa mabuku onse amene anasindikiza, lokhalo ndilo akufuna kupita nalo.

Masiku ano a Edita akamawerenga pa boda amayamba ndi kutchula dzina la wolemba, mokweza, bukulo atalikweza m'mwamba kuti ndi a m'mathiraki omwe aone. Chikuto chayamba kale kufwifwa ndi dzuwa ndipo sizikuwakhudza. Wofuna kubwereka amamubwereka, koma amayamba amufunsa kuti analemba ndani, akalephera amamubweza. Anthu amabwera kudzafunsa kumene angagule lawo, ndipo pamenepo ndi pamene a Edita amasowa chonena, chifukwa linali katoni limodzi lokha. Ena onse aja, odzaza chipinda, tinadyera zitumbuwa ife tomwe pa siteshoni, bukulo lili m'chikwama mwawo. Kuyambira tsiku lija a Edita zitumbuwa sadya.