Kalata Imene Alufeyo Anasunga

Filomena anabadwira pa esiteti ya fodya kwa Zulu, kumene bambo ake, munthu wa ku Phalombe, anali tenanti. Ana a matenanti sankapita patali ndi sukulu, chifukwa nyengo yosoka fodya ikafika m'kalasi munkatsala mabenchi okha. Koma Filomena anali wamakani. Ankasoka fodya m'mamawa n'kuthamangira kusukulu manja ali bii ndi utomoni, ndipo masamu ankawakhoza mochita kukwiyitsa anyamata. Mu 1996 anamaliza kozi ya uphunzitsi, boma n'kumutumiza kusekondale yoyendera ya kwa Mlonyeni kuti azikaphunzitsa sayansi m'chipinda chopanda ngakhale botolo limodzi loyesera zinthu.

Kumeneko anakwatiwa ndi Pius, mmisiri wa mawailesi, amene pambuyo pake anayamba kumangirira madishi a kanema pamadenga a anthu opeza bwino pa Boma ndi kumalire a Zambia. Pius anali wolongolola, Filomena wosunga mawu, moti anthu ankati m'nyumba imeneyo pakamwa m'pamodzi basi. Ankamvana bwino.

Mu 2005 aphunzitsi a sayansi anaitanidwa ku Lilongwe kumaphunziro a sabata imodzi. Ambiri, tisabise, anapitira nkhuku ya masana. Tsiku lachitatu kunabwera mlendo wochokera ku South Africa, amene anafotokoza kuti zinthu zakuthambo zimatulutsa mafunde onga a wailesi, ofooka zedi. Dishi imodzi siwagwira bwino. Koma madishi ambiri otalikirana akaloza malo amodzi nthawi imodzi, kompyuta n'kuphatikiza zimene agwirazo, amakhala ngati dishi imodzi yaikulu. Ntchito yeniyeni, anatero mlendoyo, ndi yopeta manambala, kuchotsamo phokoso la mafoni ndi la mainjini mpaka chithunzi chituluke. Anawapatsa manambala oti ayeserepo pakompyuta. Ena anatopa n'kupita kukamwa tiyi, Filomena yekha ndiye anafika nawo kumapeto.

Mlendoyo anamupatsa mafomu. Kwawoko kunali maphunziro a miyezi itatu a ntchito imeneyi, a achinyamata osakwana zaka makumi atatu ndi zisanu. Filomena anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti akwanitse zaka zimenezo, choncho mwayi unali womwewu, wina kunalibe. Anaufuna ndi mtima wake wonse, kuposa chilichonse chimene anafunapo chiyambire. Pius anayenda naye maulendo atatu kukatenga pasipoti, ndipo panjira ankauza aliyense m'minibasi kuti akazi ake akupita kukamvera nyenyezi. Aphunzitsi anzake ankamufunsa ngati nyenyezizo zimalankhula Chichewa kapena Chingoni. Iye ankangoseka n'kumadikira yankho.

Pamafomu analemba imelo yake, imene ankaitsegula akapita pa Boma, komanso bokosi la sukulu la kupositi ofesi. Kiyi wa bokosilo ankasunga a Alufeyo, mesenjala wa sukuluyo, bambo wachikulire amene Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kukatenga makalata. Pa zaka makumi awiri anali asanatayepo ngakhale envelopu imodzi, ndipo ankanyadira zimenezo.

Mu February 2006 Pius anadandaula mutu Lolemba. Lachinayi anamwalira kuchipatala. Anakamuika kumudzi kwawo, ndipo akuchimuna anati Filomena akhale kwa apongozi mpaka tsiku lometa. Tsikulo linachedwa, chifukwa ankadikira mkulu wake wa Pius amene anali ku Zambia, moti panatha masabata asanu.

Masabata amenewo Filomena anakhala pamphasa. Anthu ankabwera, n'kupepesa, n'kupita. Akamuuza kuti adye ankadya, akamuuza kuti asambe ankasamba. Amayi ena ankanong'onezana kuti mkazi ameneyu salira mokwanira. Si kuti ankadzigwira ayi. M'kati mwake munangoti zii, monga mwendo umachitira ukaukhalira nthawi yaitali. Za nyenyezi sanaziganizepo n'kamodzi komwe.

Kalata inafika sabata yachitatu. A Alufeyo ataona sitampa yachilendo anadziwa kuti ndi ija aphunzitsi ankaidikira. Anaikulunga m'jumbo kuopa mvula, n'kuiika m'thumba la jekete, n'kumanga mtolo wa nkhuni panjinga ulendo wa kusiwa. Atafika anapeza Filomena ali pakati pa amayi, atafunda chitenje kumutu. Anagwada, anapepesa, dzanja linafika mpaka pathumba, kenako linabwerera. Munthu wolemekeza maliro satulutsa nkhani ya ndege pamaso pa apongozi, manda asanaume. Anthu akanati mkaziyu akufulumira kuthawa. A Alufeyo anatsitsa nkhuni zija n'kubwerera nayo kalatayo, ndipo kwawo anaitsekera m'sutikesi pamodzi ndi kadi lawo la ubatizo.

Filomena anabwerera kusukulu pa 27 March, mutu uli wometa, atamanga duku yakuda. A Alufeyo anamudikira amalize kulonjerana ndi anzake, kenako anamupatsa jumbo ija ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, katundu wanu uyu. Ndinakusungirani bwinobwino, ngakhale dontho la mvula silinamukhudze."

"Zikomo, bambo. Inabwera liti?"

"Muli pachisoni paja. Ndinati ayi, iyi idikire kaye mpaka amete."

Filomena anaiwerenga kalatayo ataimirira pakhonde la ofesi. Anali atasankhidwa, mmodzi mwa anthu khumi ndi awiri. M'munsi munali mzere wonena kuti atsimikize pofika pa 10 March kuti abwera, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina. Anawerenga mzerewo kawiri, n'kupinda kalatayo mmene inalili, n'kupita kukapempha kwa ahedi kuti afike pa Boma.

Pamalo a intaneti anapeza maimelo anayi. Atatu anali omukumbutsa. Yachinayi inali yaulemu kwambiri, yonena kuti poti sanayankhe, malo aja apatsa munthu wina. Analemba kuti amuna ake anamwalira ndipo iye anali pamaliro. Analemba mosavutikira, ngati akulemba lipoti la mayeso, n'kukhala pomwepo kuyang'ana kompyuta. Patatha ola limodzi yankho linabwera. Anamupepesa ndi mawu abwino ndithu, koma wina uja anali atamutumizira kale tikiti, ndipo za zaka sakanatha kusintha. Filomena ankakwanitsa zaka zija mu June.

Anatuluka panja dzuwa lili pamutu. Anadikira kuti mwina misozi ibwera, poti tsopano panalibe apongozi omuyang'ana. Sinabwere. Anagula tomato chifukwa kunyumba kunalibe, n'kukwera galimoto yobwerera.

Filomena akuphunzitsabe pasukulu yomweyo, ndipo ana a m'kalasi mwake amakhoza sayansi kuposa a m'sukulu zogonera. Za madishi ogwirira pamodzi amawauza kamodzi pachaka, akafika pamutu wa mafunde, osachedwapo. Koma tsiku limene iye amalikumbukira kwambiri ndi la mawa lake atachoka pa Boma paja.

A Alufeyo anamuchingamira pageti akukankha njinga, nkhope ili mwee.

"Nanga aphunzitsi, ndege mukukwera liti? Ine ndawauza kale akwathu kuti mayi athu akupita kunja."

Filomena akanatha kuwanamiza, kungoti asintha tsiku. Koma mphamvu yopekera bodza analibe.

"Malo anapatsa wina, bambo. Ankafuna yankho msanga."

"Msanga bwanji?"

"Pofika pa teni."

A Alufeyo anayamba kuwerenga masiku ndi zala. Anabwereza. Kenako anavula chipewa.

"Pa teni paja linali Lachisanu. Ndi tsiku ndinabwera ndi nkhuni lija." Anagwira thumba la jekete. "Inali muno, aphunzitsi. Ndinagwada pamaso panu ili muno."

Filomena anawayang'ana, n'kudikira mkwiyo. Anali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo ankafuna atakwiya, kuti mwina amveko kanthu. Sanamve kanthu. Bambo aja anakhala pansi pafumbi, ana a sukulu akuona, n'kuyamba kulira ngati mmene anthu ankafunira kuti iye alire kusiwa kuja. Njinga anangoisiya, ndipo Filomena anaigwira kuti isagwe.

"Pepani, bambo," anatero. "Dzukani, ana akukuonani."