Dzina limene munatchula ku Chiponde

Ababa, chitisiyireni inu ndi lero pamene ndayamba kulemba m'kope maina a makolo athu, kuti ana anga adziwe kumene tinachokera. Akuchikazi onse andiuza amalume. Koma pamzere wa amayi anu sindinalembepo kanthu.

Mukukumbuka tsiku lija munandikweza panjinga kuchoka ku Namwera mpaka ku Chiponde, nthawi ya makadi a chipani? Munaloza phiri la ku Mozambique n'kunena motsitsa mawu kuti, "Agogo ako agona kuseri uko. Usakanene kusukulu, angatiyese obwera." Dzina lawo munalitchula kamodzi kokha, ine mtima uli pa nzimbe imene munandigulira. Kutsekemera kwa nzimbeyo ndikukukumbukabe, ababa. Koma dzina lija munapita nalo.