Matewera pa galimoto ya abwana

Mng'ono wanga anakwatiwa zaka zija matipate atangoyamba, ukwati wa kutchalitchi, kwathu ku Mlonyeni. Nthawi imeneyo amuna anga anali dalaivala pa esiteti ina ya fodya, ndipo tinkakhala m'nyumba ya pa esitetipo. Iwo ndi amene analimba mtima kukapempha galimoto yaing'ono ya abwana, yabuluu, kuti inyamule akwati. Abwanawo anavomera, koma anati ikabwera yokandika ngakhale pang'ono, makiyi a galimoto ndi a nyumba akasiyidwe pa tebulo. Sanali munthu wonena zinthu kawiri.

Galimoto inafika kumudzi Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mawa amuna anga anakwera njinga kukabwereka mabenchi kusukulu, makiyi ali m'thumba. Ine ndinali kuseri ndi amayi anzanga, tikuphika thobwa.

Bambo anga anali munthu wosafuna kuchita manyazi pamaso pa akuchimuna. Anali atagula kale chitini cha polishi wa galimoto kwa wamalonda wina wopita ku Chipata, osauza aliyense. Tsono polishi amene ife tinkamudziwa ndi wofiira uja wa pasimenti: umapaka wambiri, kumusiya aume, kenako n'kupukuta ndi chiguduli, mwamphamvu, ndi phazi. Bambo ndi amalume anachita chimodzimodzi. Anamaliza chitini chonse, mpaka magalasi ndi matayala, n'kuisiya galimoto padzuwa kuti polishi alowe.

Nditatuluka chakumasana ndinapeza galimoto yayera mbuu, ngati nyumba yopakidwa laimu. Nditagwira boneti inandiwotcha, ndipo polishi anali atauma gwa. Ndinachita mantha, sindibisa, chifukwa ndinali ndi mwana wakhanda kumsana ndipo kwina kopita tinalibe.

Pamenepo amalume anali akubwera ndi ziguduli zomangira mabelo a fodya. Kumbuyo kwawo azakhali, amene mapoto awo ankawala kuposa a mudzi wonse, atanyamula sitiliwulo ndi kambale ka phulusa. Ndinakaima pakati pa iwo ndi galimoto.

"Amalume, pepani, chigudulicho chisayandikire."

"Iwe, ukudziwa chiyani za magalimoto?" anatero amalume.

"Palibe chimene ndikudziwa. Nanga inu?"

Anthu anaseka, amalume ayi. Azakhali anati ndakula mtima chikwatiwire ndi dalaivala. Bambo, amene anali atayamba kukayika, ndi amene anati tiyambe tayesa pa madigadi ya njinga yawo. Amalume anapukuta pamenepo ndi chiguduli mosonyeza mphamvu. Atachotsa, penti yakuda inali ndi timizere tokhatokha. Bambo anayang'ana njinga yawo nthawi yaitali. Azakhali anabisa sitiliwulo m'chitenje.

Tinayamba kusaka nsalu yofewa. Zitenje zatsopano zinali zokhakhala, malaya akale a bambo anali ndi mabatani, bulangeti linkasiya ubweya. Ndili m'kati moganiza, maso anga anagwa pa chingwe pamene ndinayanika matewera a mwana, a thaulo aja, ochapidwa mpaka kufewa ngati thonje.

Mayi anga anakana. Anati zovala za khanda sizigwiridwa ndi anthu wamba, ndiponso n'zamwano kupukutira galimoto ya akwati chinthu chimene mwana amaipitsira. Ndinawayankha kuti akagwira ndi ine ndekha ndi bambo ake a mwana, ndipo mwanayo akufunika denga kuposa matewera. Sanavomere, anangolowa m'khitchini.

Amuna anga atafika anatsika panjinga n'kuiyang'anitsitsa galimoto. Kenako anavula lamba ndi wotchi kuti zisakande penti. Anapempha amuna onse amange mthunzi, ndipo apa amalume anaonetsa luso lawo: mitengo ndi mphasa, kachigafa kanaima pamwamba pa galimoto osaikhudza. Chitsulo chitazizira, tinanyowetsa thewera limodzi m'madzi ofunda, kufewetsa polishi kachigawo kakang'ono, n'kupukuta ndi lina louma mozungulira, pang'onopang'ono. Nditaona buluu akutuluka wopanda mzere, ndinapuma. Ntchito inatitengera masana onse, thobwa anamaliza anzanga. M'mphepete mwa magalasi polishi anakana kuchoka, mpaka tinamuchotsa ndi mswachi wa mano wa mkwati.

Ukwati unayenda bwino, koma ine sindinavine. Ndinangokhala pafupi ndi galimoto, kuthamangitsa ana ndi amayi ofuna kuiwaza mpunga.

Lolemba, titabwerera ku esiteti, abwana anaizungulira galimoto, ine ndikusuzumira pawindo la nyumba yathu. Anawerama pa chitseko, n'kupititsa chala pa boneti. Kenako ndinaona akuloza lole ya esiteti, amuna anga akugwedeza mutu. Atabwera kunyumba anandiuza kuti mawa m'mamawa akukatenga feteleza ku Lilongwe, ndiwakonzere kamba.

Ndinakhala pansi pakhonde. Madzulo ake ndinapita kuseri kwa nyumba kukathirira mpiru wanga, umene tsiku lonselo ndinangouyang'ana poganiza kuti adzadya ena.