Foni ya Malemu Pansi pa Chitenje

Mwamuna wanga anamwalirira kumbuyo kwa pikapu, pa msewu wochoka ku Hewe kupita kuchipatala ku boma, mutu wake uli pamiyendo panga. Inali nthawi ya dzinja, masana, mvula ikuwaza. Dalaivala anaimitsa galimoto, natsika, navula chipewa, kenako anandiuza kuti ndiimbire abale. Kafoni kanga ka mabatani kanalibe mayunitsi. Ndinapisa m'thumba la jekete la mwamuna wanga n'kutulutsa foni yake, koma inali yokhoma, ndipo chizindikiro chojambula pa timadontho tija sindinkachidziwa. Pa banja lathu lonse foni yake sindinaigwirepo, ndinkati n'zake zimenezo. Ndiye ndinatenga dzanja lake, likadali lofunda, n'kukanikiza chala chake chachikulu pa foniyo. Inatseguka.

Ndinaimbira alamu anga, akulu ake a malemu. Pikapu itatembenuka kubwerera kumudzi, galasi la foni linayamba kuchita mdima kuti ligone, ine n'kulikhudza msanga, n'kuwalanso. Apo m'pamene ndinazindikira vuto. Ikangogona ndiye kuti yakhoma, ndipo chala chotsegulira chikupita kumanda. Ndinayesa kuchotsa loko yonse, foni n'kundifunsa chizindikiro chomwe chija.

M'foni imeneyo munali mawu ake. Munthu uja anali wa kwaya, woimba besi, ndipo ankakonda kudzijambula akuyeseza nyimbo m'chigafa cha fodya, nthawi zina n'kumadziyankhulira yekha. Ine ndinali woyembekezera, mimba itakula kale, mwana wathu woyamba. Ndinkafuna kuti mwanayo adzamve mawu a bambo ake, basi. Zina zonse za m'nyumba muja akanatha kutenga.

Ndine wa ku Ntcheu ine, ku Hewe ndinapita kukaphunzitsa ku pulayimale n'kukwatiwa konko. Miyambo ya kwa eni ndinkaitsatira, ngakhale mumtima ndikung'ung'udza. Pabanja limenelo mkazi wa malemu amakhala m'nyumba, pamphasa, amayi atamuzungulira, osatuluka kupita kulikonse mpaka tsiku lometa. Ngakhale kuseri amakuperekeza. Nzeru yanga inali yoti ndikangometa ndikwere galimoto ya ku Bolero, kumene kuli timashopu toika nyimbo m'mamemole, akandikopere zonse. Chofunika chinali choti foni ifike tsiku limenelo isanagone ndiponso isanathe moto.

Kuuza munthu sindikanatha. Maliro asanaikidwe n'komwe, alamu anali atayamba kale kuzungulira njinga yamoto ya mng'ono wawo. Anabwera pakhomo la chipinda chathu, nagwada bwinobwino ngati munthu waulemu.

"Pepani chomene, alamu. Foni ya munung'una wane yili nkhu? Paja munaimbira pa yomweyo."

Ndinangokweza maliro, kulira kwenikweni kwa kwathu ku Ntcheu kogwetsa nako denga, amayi n'kuwathamangitsa kuti alibe chisoni. Foni inali pantchafu panga, pansi pa chitenje. Ikanafika m'manja mwawo, akanaipukuta zonse n'kuikamo simu yawo tsiku lomwelo.

M'thumba lina la jekete lija ndinapezamo pawabanki, kabokosi kakuda kosungira moto wa foni, ndi kachingwe kake. Malemu anakagula ku Bolero atagulitsa fodya, ndipo ankakanyadira mochititsa manyazi. Pamimba pake panalembedwa 30000mAh ndi zilembo zikuluzikulu. Batire la foni yake ankati ndi la 5000. Masamu ake ngosavuta, ngakhale ana anga a sitandade faifi akanawapeza: kutchaja kasanu ndi kamodzi. Ndinawerengera ndili pamphasa pomwepo, n'kuona kuti moto ulipo wokwanira, wina n'kutsalako. Timagetsi tinayi ta pa kabokosiko tinali toyaka tonse. Sola ya panyumba sindinaiganizirenso. Inali kukhonde kwa amuna, mafoni a anthu obwera pamaliro ali mbwee mozungulira, ndipo ndi mitambo ya masiku amenewo inkalephera ngakhale babu limodzi.

Vuto linali tulo. Foni ikakhala kanthawi osaikhudza inkagona, ndipo munthu sungakhale maso mpaka kalekale. Ndinazindikira kuti kanema akamasewera galasi silizima, ndiye ndinasankha kanema mmodzi, n'kuchotsa mawu, n'kumuika kuti azingobwereza. Anali kanema woti malemu anajambula akuyenda m'munda wa fodya tsiku lina kutawala dzuwa. Iye sankaoneka. Chinkaoneka ndi chithunzithunzi chake chitatsogola pakati pa mizere, ndi nsonga za jombo zake. Kumapeto kwake kamera inkayamba kutembenuka kuloza kunkhope, ikangofika pachibwano, kanema n'kuyambiranso. Ndikafunda chitenje kumutu, anthu ankati ndikulira. Ine ndinali kuyang'ana munthu woikidwa kale m'manda akuyenda m'munda mwake, ulendo uliwonse ndikuyembekeza kuti mwina pano atembenuka n'kumaliza.

Chipindacho chinali cha mdima ngakhale masana, chifukwa pazenera anatchingapo nsalu. Maliro ataikidwa anthu anachepa, phokoso linatha, ndipo otsalawo anayamba kuona zinthu. Mayi wina wachikulire wa kumpingo anayang'anitsitsa pamimba panga, kenako anakoka mphasa yake n'kusunthira kukhomo. Ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti pa mkamwana pakuoneka kuwala, kukumayenda. Sananame. Kanema uja akamasintha, kuwala kunkasuntha pansi pa nsalu. Palibe anandifunsa. Ankangondipatsa phala atatambasula mkono kutalika.

Ndiye panabwera nkhani ya ku Joni. Msuweni wa malemu amene amagwira ntchito kumeneko analephera kubwera, ndipo chisoni chitamukulira analemba uthenga wotsanzika pa nambala ya malemuyo. Netiweki ya kwathu kuja imabwera ikafuna. Masana ena inabwera, uthenga unalowa, ine osaganiza n'kutsegula. Kumeneko timizere ta pambali pa uthenga wake tinasanduka ta buluu, kusonyeza kuti wawerenga. Msuweniyo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anaimbira alamu mwamantha, ati malemu awerenga uthenga wanga. Nkhaniyo inalowa m'chipinda mwathu ndi mayi wobweretsa madzi, ndipo amayi anayamba nyimbo ya kutchalitchi popanda woiyambitsa weniweni. Ndinazimitsa netiweki mwakachetechete. Kunena zoona, ngakhale ine amene ndinkadziwa chilichonse, tsitsi linandiima. Pawabanki inkatentha pantchafu panga ngati dzanja la munthu, ndipo nthawi zina ndinkaopa kuyang'ana pansi pa chitenje changa chomwe.

Kagetsi koyamba kanazima msanga kuposa mmene ndinawerengera. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina sikanadzaze bwino. Kachiwiri kanatsatira foni isanakhute kachiwiri n'komwe. Ndinabwereza masamu anga, n'kupeza yankho lomwe lija, kasanu ndi kamodzi. Ndinachepetsa kuwala kwa galasi mpaka chithunzithunzi cha malemu chinkangooneka mwa apo ndi apo. Sizinathandize kwenikweni.

Zimene zinkachitika ndinadzazimva patapita miyezi, mnzanga wophunzitsa sayansi ku sekondale atandifotokozera. Nambala imene amalemba pa kabokosi ndi ya mabatire a m'kati mwakemo, pa mphamvu yawo yochepa. Kuti moto udutse pachingwe, kabokosiko kamayamba kaukweza mphamvu, foni n'kuutsitsanso polowa m'batire lake, ndipo pokweza ndi potsitsa ponsepo wina umatayika. Kutentha kumene ndinkamva pantchafu kuja unali moto womwewo ukuthawa. Ngakhale pawabanki yabwino, iye anati, uziyembekezera mwina magawo awiri mwa atatu a nambala yolembedwayo. Kuwonjezera apo, foni yoyaka galasi usana ndi usiku imadya moto uku ukuithira. Atanyamula kabokosi ka malemu m'dzanja anapukusa mutu, nati kapepuka kwambiri, moto wochuluka chotero umalemera. Ena amangodinda nambala yaikulu pa kanthu kakang'ono, poti inki siwawa. Ndinakwiya tsiku limenelo, kukwiyira wogulitsa amene sindinamuonepo, n'kukwiyiranso mwamuna wanga chifukwa chokhulupirira zilembo.

Koma pamphasa paja zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoona timagetsi tikutha. Madzulo oti mawa lake tikumeta, dzuwa lisanalowe, kagetsi kotsiriza kanaphethira kangapo n'kuzima. Kabokosi kanayamba kuzizira. Foni inatsala ndi moto wake wokha, ndipo pakona pa galasi kabatire kanali katafiira kale. Ku Bolero kunali kutali, tsiku lometa linali lisanafike, ndipo ndinadziwa kuti sifika m'mawa.

Mantha anandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa ukali. Masiku onsewa ndinali nditasunga mawu a munthu osawamvako ngakhale kamodzi, kuopa anthu. Ndinavundukula chitenje, n'kutulutsa foni poyera, n'kutseka kanema uja. Ndinasankha nyimbo imodzi mwa zimene anadzijambula, n'kukweza mawu mpaka pamapeto.

Poyamba panamveka kukhosomola. Aliyense m'chipindamo ankakudziwa kukhosomola kumeneko. Kenako besi ija inadzaza nyumba, yonenepa, yosathamanga, ngati mwini wake waima kuseri kwa chitseko. Mayi wina anakuwa. Awiri anathamangira pakhomo n'kupanikizana pomwepo. Kukhonde amuna anasiya kuyankhula.

"Khalani pasi!"

Anali apongozi anga, amayi ake a malemu. Chiyambire maliro anali asanandiyankhule mawu opitirira moni, ndipo ine ndinkawaopa kuyambira kale. Anakwawa pamphasa mpaka pamene ndinali. Ndinagwiritsa foni, poganiza kuti akufuna kulanda.

"Amama, ndimafuna mwanayu..."

Iwo sanalande. Anagwira dzanja langa pamodzi ndi foniyo, n'kuzitsitsira pamimba panga, n'kukanikiza ndi chikhatho chawo. Mawu ankanjenjemera pakhungu langa mpaka m'kati. Mwana, amene tsiku lonselo anali phee, anagunda kamodzi mwamphamvu, pansi penipeni pa dzanja la agogo ake. Apongozi anatseka maso.

Mtsikana wina wa pachibale anazindikira chimene chinkachitika, natulutsa foni yake kuti ajambule mawuwo. Anayamba kufufuza pojambulira. Ndinkamuona, ndipo ndinadzitukwana mumtima kuti nzeru imeneyi ndikanaipempha kalekale.

M'nyimbomo malemu anafika pokwera, mawu n'kumuthawa. Anaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno, nati, "Yayi, niyambeso." Anakoka mpweya kuti ayambirenso. Galasi linada.

Kunja mvula inali itayambanso pa malata. Mtsikana uja anali atangopeza kumene pojambulira.

"Werezga, mwana wane," anatero apongozi, maso akadali otseka. Ankati ndibwereze.

"Yatha moto, amama."

Sanachotse dzanja. Tinakhala choncho mpaka foni inazizira pakati pa chikhatho chawo ndi mimba yanga. Alamu atasuzumira pakhomo n'kuiona, apongozi anangowayang'ana, iwo n'kubwerera kukhonde. Nkhani ya foni sanaiyambenso.

Nditameta ndinapita ku Bolero. Anaitchaja, inayaka bwinobwino, n'kuonetsa timadontho take. Anandiuza kuti kutsegula angathe, koma popukuta zonse za m'katimo. Ndinakana, n'kuikulunga m'kansalu, n'kubwerera nayo. Ili m'sutikesi mpaka lero, mawu onse ali momwemo.

Mwanayo anabadwa wamkazi, ndipo pano amafunsa mafunso osatha. Tsiku lina tikusenda chimanga anandifunsa kuti bambo ake ankayankhula bwanji. Ndinayesa kutsanzira besi ija, iye n'kuseka, ati ndikumveka ngati ng'ombe. Kenako anasiya kuseka.

"Ndiye kuti ine sindinawamvepo, amayi?"

"Unawamva," ndinatero. "Kamodzi. Unayankhanso. Ukawafunse agogo ako, anali pomwepo."