Ndinamasulira Zonse Zimene Ananena

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga, ngakhale amayi anga ku Balaka. Onse amadziwa kuti ndinatsekeredwa masiku atatu kuno ku Durban, ndipo amati Mulungu ananditulutsa. Sadziwa chimene ndinachita m'kati muja.

Anandigwira Lachiwiri m'mawa, cha m'ma seveni, nditangotsika takisi ku Overport. Apolisi anali awiri, ataima pafupi ndi shopu ya nsalu. Mmodzi anandikodola ndi chala. Ndinayankha m'Chizulu monga ndimachitira pamsewu, koma Chizulu changa sichinapusitsepo munthu. Pemiti yanga yokhalira m'dziko muno inali itatha. Ndinali nditapempha kale yatsopano, koma kapepala kosonyeza zimenezo kanali m'dirowa kuntchito, kumene abwana anati kasungike bwino. Mwana wanga wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndinali nditamusiya ku Mayville kwa mnzanga wa chipinda choyandikana, ndi botolo limodzi la mkaka wofinya. Mwamuna wanga anali pa ulendo ndi lole ya kuntchito kwawo ku Mobeni, wobwera Loweruka.

Ndifotokoze za ntchito yanga, chifukwa ndiyo inandipereka. Ndili ndi satifiketi ya usekilitale ya ku koleji ku Blantyre, koma kuno ndinalembedwa yochapa ndi kukolopa kwa bambo wina wokalamba wachimwenye, mphunzitsi wopuma. Maso awo anali atafooka. Atadziwa kuti ndimatha kutayipa, anayamba kundipatsa zolemba zawo masana aliwonse. Ankalemba buku lonena za munthu wina wa ku Bengal, ku India, amene anakhalako nthawi ya atsamunda a ku Mangalande. Munthuyo anali womasulira m'khoti. Akaweruka ankamasulira m'Chingerezi mabuku akale a mbiri ya mafumu, olembedwa m'Chiperisiya, ndipo atakalamba analemba mbiri ya dera lakwawo m'chinenero chake. Abwana ankati mpaka lero akwawo amakangana za iye. Ena amati popanda iye mabuku aja akanadyedwa ndi chiswe. Ena amati anatsegulira mzungu chitseko cha kuchipinda. Abwanawo ankamunyadira pa chinthu chimodzi, chakuti sanasinthepo mawu a munthu, ngakhale pamene mawuwo ankamangitsa mlimi wa m'mudzi mwake momwe. Ine ndinkangotayipa, mtima uli kwa mwana.

Tsiku limenelo m'chikwama changa munali masamba a mutu wonena za zaka za womasulira uja m'khoti, amene ndinatenga kukawakonzera kunyumba.

Kupolisi ananditengera foni, chikwama ndi zingwe za nsapato. Ndinapempha kuimba kamodzi kokha, anati pambuyo pake. M'selo tinalimo akazi naini. Pakona panali amayi ena a msinkhu wa amayi anga, amene ankapemphera chapansipansi m'Chichewa. Ndinawamva bwinobwino koma sindinawalankhule, pakuti zaka zinayi kuno zinandiphunzitsa kubisa chilankhulo changa. Pofika masana bulauzi yanga inali itanyowa ndi mkaka kutsogolo konse. Amayi aja anaona, anamasula duku kumutu nandipatsa. Ndinati zikomo ndisanaganize. Anaseka, nati anandidziwa kale ndi mmene ndinakhalira pansi, miyendo nditaipinda kumbali. Anali a ku Dedza, ankasoka madiresi m'chipinda chawo cha lendi, ndipo Chizulu ankangodziwa cha pamsika.

Lachitatu m'mawa anandiitana ku ofesi. Wapolisi wamkulu, wa magalasi, anali ndi masamba anga patebulo. Anafunsa kuti mmwenye ameneyu ndi ndani ndipo walakwanji. Ndinati anali womasulira, anamwalira kalekale. Anaseka, nati sanaonepo wantchito wa m'nyumba woyenda ndi mbiri ya ku India. Anafunsa amene anatayipa, ndinati ndine. Kenaka anayang'ana bulauzi yanga nafunsa miyezi ya mwana.

“Womasulira wa boma abwera Lolemba,” anatero m'Chingerezi, mosakweza mawu. “Ukatithandiza kumasulira lero, fayilo yako ndiyiona lero. Apo ayi udikira Lolemba. Ndipo mwana wosiyidwa wopanda kholo timamupereka kwa a boma osamalira ana.”

Anaika foni yake patebulo, naitsegula kuti izijambula mawu. Anati womasulira wa boma adzamvetsera zonse.

Anayamba ndi amuna atatu achimalawi. Zawo zinali zapafupi: dzina, mudzi, tsiku lobadwa. Kenaka analowetsa amayi aja. Atandiona nkhope yawo inamasuka. Wapolisi anafunsa kumene kuli pasipoti yawo ndi mmene analowera m'dziko muno. Iwo anatembenukira kwa ine, nalankhula ngati tikadali awiriwiri m'selo.

“Mwana wanga, pasipoti ine sindinakhalepo nayo. Ndinawolokera pamtsinje wa m'malire, zaka khumi zapitazo. Iwe ungowauza kuti inabedwa m'takisi, mwina andipatsako nthawi.”

Wapolisi anagogoda patebulo ndi cholembera.

“Alankhula mawu ambiri,” anatero. “Ndikuwafuna onse.”

Ndinayang'ana foni ija. Ndinawerenga masiku ofika Lolemba, ndipo anali asanu. Ndinaganiza za botolo limodzi. Kenaka ndinanena zonse, za mtsinje, za zaka khumi, ngakhale za takisi. Ndinazinena mwadongosolo, m'Chingerezi chabwino cha ku koleji, osasiya liwu.

Amayi aja Chingerezi sankamva, koma anaona kutalika kwa zimene wapolisi ankalemba. Anandifunsa ngati ndawauza. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anawapititsa ku selo ina, ya odikira galimoto yopita kumsasa wa obwezedwa kwawo.

Fayilo yanga sinaonedwe tsiku limenelo. Ndinabwerera m'selo momwe munalibenso wolankhula naye. Ndinafinyira mkaka m'ngalande ya pakona, nditayang'ana kukhoma.

Lachinayi cha m'ma leveni anaitana dzina langa. Abwana anali pakauntala ndi ndodo yawo, kapepala kaja kali m'manja mwa wapolisi. Anandibwezera foni, chikwama ndi masamba aja. M'galimoto abwana anandiuza kuti mnzanga wa ku Mayville anawaimbira Lachiwiri lomwelo, ndipo kapepala anakafikitsa Lachitatu eiti isanakwane, koma apolisi anawauza kuti mkulu watanganidwa, abwere mawa. Ndiye kuti pamene ine ndinkamasulira, chonditulutsa chinali kale m'nyumba yomweyo, kuseri kwa khoma. Sindikudziwa ngati wa magalasi uja ankadziwa. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Mwana ndinamupeza ali mtulo, wokhuta. Mnzanga ankamupatsa phala lamadzimadzi ndi mkaka wa m'chitini. Palibe wa boma amene anafikako.

Pemiti inatuluka patapita miyezi. Tsopano ndikaona apolisi sindiwoloka msewu, ndipo anthu amati umenewo ndiwo ufulu. Buku lija tikulimalizabe. Tsiku lina ndinafunsa abwana ngati m'zolemba zake zonse munthu wa ku Bengal uja anatchulapo anthu amene anawamasulira m'khoti, kuti anathera kuti. Anaganiza nthawi yaitali, nati za mafumu anasiya mabuku atatu, koma za amenewo palibe ngakhale tsamba.

Kutchalitchi kwathu amayi achimalawi anakamba nkhani ya telala wa ku Dedza. Akuti anamukweza basi ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo makina ake osokera mwini nyumba anawatulutsa panja. Wina anati ndithu alipo amene anamupereka, poti mayi uja sankadziwa kulankhula ndi apolisi. Ine ndinali pomwepo, mwana ali kumsana, ndipo ndinadandaula nawo limodzi.

Ndimadziuza kuti sindinaname, kuti Lolemba zikanaululikabe, kuti mayi aliyense woyamwitsa akanatero. Zonsezi n'zoona, koma sizindikhazika mtima pansi. Amayi aja anandipempha chinthu chimodzi, m'chilankhulo chathu, akundiitana mwana wawo. Inu amene mwawerenga, mukanakhala pampando uja, mwana wanu ali kutali ndipo simukudziwa kuti kuseri kwa khoma kuli chiyani, mukanasiya mawu angati? Ndinachita bwino kodi?