Makasu amene tinkabisa m'nkhokwe

Amuna anga anali osula makasu ku Mitande, ndipo chilimwe chilichonse kunkabwera mlembi wa boma kuchokera ku Mandimba kudzafunsa za ntchito yawo. Ankafika pa njinga, sipayi, wapolisi wa boma, akupalasa ina pambuyo pake, onse fumbi mpaka m'nsidze. Sankafunsa ife tokha ayi. Ankayendera aliyense wopanga kanthu ndi manja, osula, ocheka matabwa, oumba njerwa, osoka pa makina, mpaka kukafika ku Itepela. Akuti azungu a ku Cuamba ankafuna kudziwa ngati ntchito zimenezi zikukwera kapena zikutsika.

Zaka zimenezo ntchito inali kukwera. Boma linkakakamiza aliyense kulima thonje, ndipo munda wa thonje umadya khasu. Kampani ya thonje inkalola amuna anga kutola zitsulo zotha za magalimoto ake, makamaka masipuling'i, ndipo khasu la chitsulo chimenecho linkafika kwa mdzukulu. Pachipala pathu moto sunkazima. Ine ndinkatopa ndi kusenza makala, khosi lino mpaka lero limandikumbutsa.

Koma tikangomva kuti mlembi wagona mudzi wapafupi, amuna anga ankati, "Mayi, tolani zonse." Ndiye ine kakalakakala kunyamula makasu atsopano, nkhwangwa ndi zikwakwa, kukazikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga. Pachipala pankatsala khasu limodzi lobenthuka ndi mvukuto wakale wong'ambika.

Mlembi ankakhala pampando, n'kutsegula pepala lake.

"Bambo, ntchito ikuyenda bwanji chaka chino?"

"Aa, ikuyenda kuti? Tikungokankha masiku."

"Poyerekeza ndi chaka chatha, makasu achuluka kapena achepa?"

"Achepa, bwana. Onani nokha."

"Nanga chaka chamawa mukuona bwanji?"

"Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Mwina tidzakhala titasiya."

Musawayese abodza amuna anga. Anali munthu wosaphonya swala kumzikiti, ndipo sanamudyerepo munthu. Kungoti kwathu kuno munthu sanena pagulu kuti zake zikuyenda. Ngakhale nkhokwe itadzaza mpaka kudenga, akakufunsa umati tapeza kapang'ono kokazinga. Ukadzitama, anansi amakuyang'ana ndi diso lina, ndipo zikafika m'makutu a boma umadzaona msonkho wako utatupa. Ndiye mlendo wa njinga, sipayi ali chilili pambali pake, angamve zoona kwa ndani?

Ine zinkandinyong'onya. Chaka china, msana ukundiwawa ndi kukumba chimanga, ndinawauza kuti, "Bambo, kodi mukamuuza kamodzi kokha kuti ntchito ilipo, kumwamba kugwa?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana apongozi.

Zinapitirira choncho mpaka tsiku lina amuna anga anapita ku kampani kukatola zitsulo monga mwa masiku onse, n'kubwerako chimanjamanja. Kapitawo wa kumeneko, yemwe ankaswali nawo mzikiti umodzi, ndiye anawafotokozera. Mayankho onse aja ankasonkhanitsidwa ku Cuamba. Azungu atawaika pamodzi anaona kuti wosula aliyense, kuyambira Mandimba mpaka Itepela, wakhala akunena chaka ndi chaka kuti makasu akuchepa ndipo ali pafupi kusiya. Anachita mantha kuti thonje lisowa makasu. Ndiye anaitanitsa a kufakitale, obwera pa sitima imene inali itayamba kufika ku Cuamba, oti aziperekedwa kwa alimi pamsika wa thonje. Analamulanso kuti zitsulo zotha zija, poti osula akutha, zizikwera sitima yomweyo pobwerera.

"Koma ntchito ilipo!" anatero amuna anga.

"Munawauza liti?" anafunsa kapitawo.

Amuna anga anapita kwa osula anzawo, napeza kuti aliyense ankabisa mofanana, wina m'nkhokwe, wina kudenga, wina m'munda wa chinangwa. Aliyense ankayesa kuti wochenjera ndi iye yekha. Anaganiza zopita limodzi ku Mandimba kukakonza mawu awo, koma ukanena bwanji pamaso pa boma kuti zaka zonsezi unkalinamiza? Palibe anapita.

Makasu a sitima anali opyapyala, okhota akangokumana ndi chitsa, koma mlimi ankapatsidwa, afune asafune, ndipo amene wapatsidwa khasu sagulanso lina. Tinagulitsa athu otsala aja pang'onopang'ono. Kenaka amuna anga ankangowongola makasu a eni ake ndi kukhoma mipini. Masiku ambiri moto sankaukoleza n'komwe. Ndinapumula kusenza makala, koma kunena zoona mpumulo umenewo sunandikomere.

Chilimwe chotsatira mlembi anabweranso. Sindinanyamule kanthu kupita nako kunkhokwe, panalibe chonyamula. Pachipala panali khasu lobenthuka lija ndi mvukuto wong'ambika, popeza wabwino tinali titasinthanitsa ndi chimanga.

"Bambo, ntchito ikuyenda bwanji chaka chino?"

Amuna anga anayang'ana phulusa.

"Yatha," anatero. "Bwana, ntchito yanga yatha."

Mlembi sanadzutse ngakhale mutu. Anangolemba, akuyasamula.

"Eya, monga chaka chatha," anatero, n'kupempha madzi akumwa.