Chinangwa Chimene Anabweza Mayi a Hawa

Ndikamva fungo la phala la mpunga, mtima umabwerera ku Lifuwu, kumene bambo anali atangotumizidwa kukaphunzitsa. Zipani zinali zitangochuluka, ndipo ena anasiya kupatsana moni chifukwa cha mtundu wa nsalu.

Tsiku lina masana amayi anandituma kukapereka chinangwa chophika kwa mayi a Hawa, oyandikana nafe, amene ankazula udzu m'munda wa mpunga. Ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Anathokoza, koma anati, "Bwerera nacho, mwanangu."

Kwathu wokana chakudya ndiye kuti wakwiya. Ndinaganiza kuti nsalu ya chipani ya amayi yatidanitsa, ndipo sindidzaseweranso ndi Hawa. Misozi inayamba kutsika.

"Iwe, ukulira maliro a ndani?" anaseka. "Ndafunga, uno ndi mwezi wa Ramazani. Sindidya mpaka dzuwa litalowa. Ubwere nacho madzulo."

Anaweramanso m'matopemo, manja akuthamanga ngati munthu wokhuta, pomwe ngakhale madzi anali asanalawe.

Madzulo nditapita nachonso chinangwa chija, ndinkayembekeza kuti achimeza chonse nthawi imodzi. Koma anayamba ndi madzi, kenako phala lamadzimadzi, n'kukhala kaye phee.

"Mimba yagona tsiku lonse," anandiuza. "Ukaidzidzimutsa imatupa, chakudya chimangodutsa osagwira thupi."

Patapita kanthawi ananyema chinangwa chathu, n'kugawirako ine ndi Hawa.

Lero ana anga akamawerenga pafoni za kudya pa maola oikika, ndimakumbukira mayi amene anadikira tsiku lonse, n'kudikiranso pang'ono chakudya chili m'manja.